Dzanja la a Esnat m'Mabuku a Maliro

Ine ndi a Esnat Mulipa tagawana khoma limodzi zaka khumi ndi zinayi, kumalaini kuno pa esiteti ya tiyi ku Thyolo. Akatsokomola ndimamva, ndikamakalipira bambo a kunyumba kwanga iwo amamva, ndiye pasapezeke wina wondiuza kuti amawadziwa kuposa ine Daisy. Ndi mayi wamfupi, woyenda mofulumira ngati wasiya ndiwo pamoto. Pa ntchito yothyola tiyi si katswiri ayi, dengu lawo limadzadza anzawo atapita kale kusikelo. Chimene Mulungu anawaninkha ndi dzanja lolemba.

Sukulu analekeza sitandade 8 kwawo kwa Changata, koma zilembo zawo mukaziona mungati zatuluka m'makina. Ngakhale banja analipeza ndi dzanja lomweli. A Everson, adakali mnyamata wa kufakitale, anabwera kuti awalembere kalata yofunsira mtsikana wina wa kwa Chimaliro. Kalata inalembedwa, yokoma zedi, koma mwini wake ataimva ikuwerengedwa anaona kuti palibe chifukwa choyendera mtunda wonsewo. A Esnat amakana nkhani imeneyi, a Everson amaivomera.

Wofuna kalata yopempha tchuthi kwa akapitawo ankapita kwa a Esnat. Wofuna dzina pa makope a mwana kapena pa thumba lopita kuchigayo, kwa a Esnat. Koma ntchito yawo yaikulu inali pamaliro. Kuno tili ndi mwambo wolemba mayina a anthu odzakhuza, kuti anamfedwa akapukuta misozi adziwe amene anabwera ndi amene anakhala kunyumba. Si nkhani yamasewera imeneyi. Munthu wosaoneka m'kope la maliro a anzake, tsiku lake likadzafika adzanyamulidwa ndi abale ake okha. Ndiye maliro akachitika a Esnat ankakhala pampando pafupi ndi khomo la siwa, kope pamwendo, anthu n'kumadutsa mmodzimmodzi kutchula mayina. Sankalandira kanthu. Ulemu ndiwo unali malipiro awo, ndipo ankaukonda, ngakhale sangavomere.

Chinanso muyenera kudziwa n'chakuti a Esnat ndi amantha. Sindikunena monyoza. Amaopa agalu, amaopa mphezi, amaopa galimoto ya abwana ikamadutsa m'munda. Wapolisi akangoima pamsika iwo amalambalala kuseri ngati aba nkhuku. A Everson aja anagwidwa ndi matenda ofa ziwalo mbali imodzi, ntchito n'kuthera pomwepo. Kuyambira pamenepo amagona pamphasa pafupi ndi zenera, kafoni kali pachifuwa. Kafoni kameneko ndiye wailesi yawo, ndiponso ndi kamene amaitanira akazi awo kumunda akafuna kutembenuzidwa. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tisungane, anakwatiwa ku Limbe m'kachipinda kamodzi. Nyumba ya kumalaini ndi ya kampani. Atachokamo, wodwalayo alibe poti n'kukamugoneka, pakuti kwa Changata malo anagawana abale kalekale.

Zaka zitatu zapitazo kunabwera mkulu wina ku Masambanjati, a Winston, n'kutsegula malo okhomera mabokosi a maliro otchedwa Gonani Bwino. Munthu wake waukhondo, wolankhula motsitsa mawu, laputopu m'chikwama nthawi zonse. Ukagula bokosi kwa iwo ankakubwereka tenti ndi mipando mwaulere, kuphatikizapo buku lakuda lachikuto cholimba, lolembamo odzakhuza. Linali ndi mizere itatu: dzina, mudzi, nambala ya foni. Ankati manambalawo ndi oti maliro akatha atumize uthenga wothokoza m'malo mwa anamfedwa. Uthengawo unkabweradi. Tinkasangalala nawo, ine ndemwe ndinkaonetsa anthu kumsika kuti taonani chitukuko chafika mpaka kumanda. A Esnat analikonda bukulo kuposa tonsefe, chifukwa pepala lake silinkamwa inki ngati makope athu. Analemba maliro khumi ndi amodzi, ndipo nthawi zonse bukulo linkabwerera kwa eni ake limodzi ndi tenti.

Chaka chatha mu Juni, chiperoni chili pachimake, mafoni kumalaini anayamba kulira mosalekeza. Poyamba zinali za mankhwala azitsamba ndi za kubetcha mpira, tinkangofufuta. Kenako kunabwera uthenga wina. Uwu sunali ngati enawo, chifukwa unkakutchula dzina. Wanga ndinauwerenga ndili pakati pa munda, dengu kumsana, zala zitauma ndi mame: "Okondedwa a Daisy Amosi, musadikire tsikulo. Bokosi lanu labwino lili ku Gonani Bwino. Konzekerani lero." Foni ndinaiponya m'tiyi. Ine ndine munthu wopemphera, koma wina kukutchula dzina lako lonse n'kukuuza za bokosi lako, m'mawa usanalawe kanthu, amenewo ndi malodza.

Tinayesa zonse. Ukayankha kuti asiye, mawa lake unkabweranso. Ukaimba nambalayo sinkalowa. Ena anapita ndi mafoni awo kwa abusa kuti akawapempherere, mayi wina anaponya simu kadi yake m'chimbudzi. Azibambo awiri anapita ku Masambanjati kukafunsa, a Winston anawalandira bwino n'kuwauza kuti ndi malonda chabe, ngati a sopo, ndipo imfa siibwera ndi foni.

A Jacob Namakhwa, mlonda wa pageti la fakitale, anaulandira uthengawo Lolemba. Lachinayi anatisiya. Achipatala anati chinali chibayo, ndipo mwina chinalidi, munthu wamkulu kuima pageti m'chiperoni chimene chija. Koma kumalaini palibe amene ankamva za chibayo. Nkhani inali m'kamwam'kamwa yakuti pali wina pakati pathu amene akugulitsa mayina a anthu kwa wamabokosi. Ena ankaloza kalaliki wa pasikelo, ena mayi wolembetsa masimu kadi pamsika. Za buku lakuda palibe anaganizako, ngakhale ine amene ndimadziyesa wochenjera. Buku la maliro ndi chinthu chaulemu, ungaliganizire bwanji choipa?

Akazi awo a Jacob, a Victoria, ndi mayi wamtali wa mawu ngati hutala ya kufakitale. Bokosi la ku Gonani Bwino anakana, anakhometsa kwa kalipentala wa pa esiteti. Kumanda, dothi lisanathe kukwiriridwa, anaimirira n'kulumbira pamaso pa tonse kuti tsiku limene adzadziwe wopereka dzina la amuna awo, munthuyo sadzagonanso kumalaini. Palibe anaseka. Tonse tinkakumbukira mkulu wina amene anathamangitsidwa ndi miyala zaka zisanu zapitazo atamuganizira ufiti, katundu wake n'kuwotchedwa pabwalo masanasana, ife tikuonerera.

Patapita sabata uthenga uja unafika pa kafoni ka a Everson. A Esnat anaweruka n'kupeza amuna awo atadzikhwekhwereza mpaka pakhomo, nkhope itanyowa. Ndinamva kudzera pakhoma lija. A Everson amalankhula movutikira, liwu limodzi limatenga nthawi, koma funso lawo linamveka bwinobwino.

"Amake Tisungane, mwandigulira kale bokosi?"

A Esnat analira, analumbira kuti dzina la amuna awo sanalipereke kwa munthu aliyense.

Mantha akafika penapake amasanduka ukali. Tsiku lomwelo mayi woopa agalu uja anakhala pakhonde n'kulemba kalata ya masamba atatu yopita ku ofesi yoona za mafoni ku Blantyre. Anayenda nayo khomo ndi khomo, anthu makumi asanu ndi awiri anasayina, osadziwa kulemba anadinda chala. A Victoria anadinda mwamphamvu mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka. Loweruka lake a Esnat anaimbanso foni ku wailesi ya m'dera lathu, pa pulogalamu ya madandaulo, n'kutchula Gonani Bwino kuti ikukokera amoyo kumanda. Ine ndinali pambali pawo. Pasanathe mwezi nambala yotumizira mauthenga ija inatsekedwa, mafoni n'kukhala chete. Kumalaini a Esnat anasanduka mfumukazi, wina kuwabweretsera nthochi, wina chinangwa.

Chisangalalocho sichinathe milungu itatu. Tsiku lina tili pamzere kusikelo panafika njinga yamoto, wokwera wake atavala tayi, n'kufunsa kuti Esnat Mulipa ndani. A Esnat atangoona envulopu yakhaki anakhala pansi m'matope. Chinali chisamani, kalata yowaitana kukhoti. A Winston anawasumira kukhoti kuti awaipitsira mbiri pa wailesi ndiponso awaonongera bizinesi ndi kalata yabodza. Chingerezi cha loya wawo ngakhale kalaliki anachiwerenga kawiri asanatimasulire. A Esnat anangomvapo liwu limodzi, khoti. Kuyambira tsiku limenelo njinga yamoto iliyonse ikalira iwo ankanyonyomala m'tiyi, ndipo chakudya chinasiya kutsika.

Anthu nawonso sathandiza. Aliyense anali ndi msuweni amene anapita kukhoti wapansi n'kubwerera pa lole ya kundende. Wina anawauza kuti loya akakufunsa funso, ngakhale dzina lako umaliiwala. Akapitawo anawaitanira pambali n'kuwakumbutsa kuti abwana sakonda antchito a milandu. Ife tinkawalimbitsa mtima kuti musaope, tonse tikakuperekezani, mwalakwa chiyani? Tinkalankhula mosavuta poti dzina lolembedwa pachisamani silinali lathu.

Kutatsala masiku khumi kuti mlandu ulowe, a Winston anatumiza mawu kuti a Esnat apite ku Masambanjati akakambirane ngati anthu. Ndinawaperekeza Lamulungu titatuluka m'tchalitchi. Anatilowetsa m'kati mwenimweni, pakati pa mabokosi osanjikizana mpaka kudenga, fungo la vanishi lili guu. Anatipatsa mipando, anatigulira zakumwa, anafunsa za odwala kunyumba. Ulemu wawowo ndi umene unkandiopsa kwambiri. Kenako anatsegula kabati n'kutulutsa mabuku akuda, n'kumawayala pa chivindikiro cha bokosi, limodzilimodzi mpaka khumi ndi limodzi. Anatsegula loyamba.

"Mayi, tandithandizani," anatero a Winston. "Dzanja lokongolali ndi la ndani?"

A Esnat anayang'ana patsambalo. Milomo inatuwa. Pamzere woyamba penipeni panali dzina la Everson Mulipa ndi nambala yake, m'zilembo zawo zozungulira zija. Poti a Everson sankatha kuyenda, akazi awo ankawalemba poyamba pa maliro alionse, kuti aziwerengedwa kuti anabwera. Pansi pake ndinaona dzina langa. Patsamba lachitatu ndinaona la a Jacob Namakhwa.

A Winston analongosola mofatsa ngati m'busa. Anati iwo sanabe nambala ya munthu, anthu anapereka okha, ndipo wowasonkhanitsira ndi yemweyu akuwaneneza pa wailesiyu. Anati sakufuna kuzunza mayi wosamalira wodwala. A Esnat angolemba kalata ina yonena kuti ananama, n'kukaiwerenga pa wailesi pomwe paja, kuti nambala ya Gonani Bwino itsegulidwe. Akatero mlandu utha, mabuku abwerera m'kabati. Akakana, mabuku apita kukhoti n'kukatsegulidwa pamaso pa onse amene adzawaperekeze.

"Ndamva kuti akazi a malemu Namakhwa nawonso akabwera kukhotiko," anatero akutseka buku. "Ndamvanso zimene analumbira kumanda. Ine ndikungokuganizirani, mayi."

Pobwerera tinaima titadutsa minda ya nthochi. A Esnat anasanza m'mbali mwa msewu. Ine, ndinene chilungamo, ndinawauza kuti apepese. Ndinati achemwali, khoti mwina mungalipambane, koma malaini simungawapambane. Anthu aja sadzamva zoti simunadziwe, adzangomva kuti dzanja ndi lanu. Miyala ikayamba kugwa inu mutha kuthawa, nanga a Everson adzathawa bwanji? Ndinati agulireni simu kadi ina abambowo, ena onse adzionere okha. Sindinyadira uphungu umenewo, koma ndi umene ndinapereka. Mantha anga anali enieni, chifukwa moto ukagwira denga lawo sungafunse kuti khoma ili ndi la ndani.

Anailemba kalata yopepesayo. Ndinaiona ndi maso anga Lachiwiri, yaukhondo, yopanda pofufuta. Anaipinda n'kuimangirira kunsonga ya chitenje, n'kumayenda nayo m'munda. Sabata imeneyo a Esnat anaonda tikuona. Wina akawapatsa moni ankadzidzimuka. Ndinawapeza atamanga mabulangeti ndi mapoto m'thumba n'kulibisa kuseri kwa chitseko, ndipo ndinamva kuti anafunsa wa kabaza wina ngati munthu wofa mbali imodzi angathe kukwera njinga atamangiriridwa ndi nsalu. Popita kumjigo ankaima n'kumayang'ana pabwalo paja panawotchedwa katundu wa mkulu uja, pamene mpaka lero udzu sumera bwino.

Choipa kwambiri chinali chakuti a Victoria anayamba kuwakonda. Ankabwera kudzawathandiza kudzadzitsa dengu, n'kumati limbani mtima anzanga, kukhotiko mfiti yathu ikadziwika, ine palafini ndagula kale. A Esnat ankangoti inde, maso ali pansi. Ine ndinkasamukira mzere wina, sindinkatha kuonerera.

Lachinayi ataweruka anawauza a Everson. Khoma lathu ndi lopyapyala, ndinamva zonse. Anaulula kuti tsiku lija analumbira zabodza osadziwa, dzina analipereka ndi iwo, osati kamodzi koma maliro onse khumi ndi amodzi. Anawauzanso za kalata imene inali kunsonga ya chitenje. Kenako ndinamva mawu a abambowo okokakoka aja.

"Ndiye maliro onsewo, ine ndinapitako?"

"Onse, bambo. Munali oyamba."

"Munachita bwino," anatero a Everson. "Koma kalata yabodzayo musakawerenge. Anthu anadinda zala zawo."

A Esnat anatuluka n'kulowa kwanga. Anati ngati mabuku akatsegulidwe ndithu, ndi bwino anthu amve kuchokera pakamwa pawo, osati pakamwa pa loya. Ndinawafunsa ngati apenga. Anati mwina. Anandipempha chinthu chimodzi, kuti zikavuta ndithamangire kunyumba ndikakokere a Everson kwanga n'kutseka chitseko. Ndinavomera. Manja awo anali ozizira ngati a munthu wochokera kochapa.

Lachisanu pa sikelo ya masana tinalipo azimayi oposa makumi asanu, ndi azibambo okweza matumba pa thirakitala. A Esnat anatula dengu n'kupempha kulankhula. Mawu awo anali aang'ono, moti akumbuyo ankafunsana kuti akuti chiyani. Ananena za mabuku akuda, za mzere wachitatu uja wa manambala, za zimene anaona ku Masambanjati.

"Munthu amene mwakhala mukumufuna uja ndine," anatero pomaliza. "Sindinadziwe, koma dzanja ndi langa."

Kenako wina kumbuyo anati n'chifukwa chake ankalimbikira kulemba. Wina anafunsa kuti wamabokosi anawapatsa chiyani. Bambo wina anatsika pa thirakitala n'kutola mwala. Mzere unasweka, anthu n'kuyamba kuwazungulira. Ndipo ine Daisy, wa pakamwa posatopa, amene ndagawana nawo khoma zaka khumi ndi zinayi, ndinabwerera m'mbuyo. Kunyumba sindinathamangireko, pafupi nawo sindinaime. Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

A Victoria anatula dengu lawo pang'onopang'ono. Anthu anawapatsa njira. Anafika n'kuima pamaso pa a Esnat, amene ankawalekeza pachifuwa. A Esnat anatsinzina.

"Dzina la bambo a kwathu lili m'buku la maliro ati?" anafunsa a Victoria.

"A mwana wa a Teleza, kwa Chimaliro," anayankha a Esnat.

Ndinaona nsagwada za a Victoria zikuyenda ngati akutafuna kanthu kolimba. Pamene analankhula, mawu a hutala aja panalibe.

"Tsiku limenelo iwo anali pageti. Ndinati alembedwe, asaoneke ngati sayenda maliro. Nambala ndinakutchulirani ndine, anzanga. Ndinabwereza kawiri kuti musalakwitse."

Anakhala pansi pomwepo, pa masamba a tiyi otayika, n'kulira kulira kumene sanalire ngakhale kumanda. Bambo uja anabisa mwala kumbuyo, kenako anaugwetsa. Palibe amene anafuna kuyang'ana mnzake, chifukwa aliyense anayamba kukumbukira tsiku limene anawerama pakhutu pa a Esnat n'kutchula nambala ya mwamuna wake, ya mayi ake, ya mwana wake wa kutauni.

Musaganize kuti zinathera pomwepo n'kuyamba kuimba nyimbo. Anthu akachita manyazi amafunabe woti amukwiyire. Ena anasiya kuwapatsa moni a Esnat. Dimba lawo la mpiru tinalipeza litazulidwa lonse. Thumba lija silinachoke kuseri kwa chitseko. Chimene chinawasunga n'chakuti a Victoria, akaweruka, ankabwera kudzakhala pakhonde pawo mpaka dzuwa kupendeka, osalankhula zambiri, akusenda nandolo, kuti aliyense wodutsa aone.

Kukhoti ku Boma tinapita azimayi khumi ndi asanu ndi atatu, osati makumi asanu ndi awiri amene anadinda aja. A Esnat atapatsidwa Baibulo kuti alumbire, linatsala pang'ono kugwa. Loya wa a Winston anatulutsa mabuku aja monyadira, akutiyang'ana kuti aone tikudzuka ndi ukali, koma ife tinangomuyang'ananso. Nkhani yakeyo tinali titaimva kale kusikelo. A majisitireti, mayi wa magalasi, anatsegula buku lililonse n'kupempha a Winston kuti awaonetse pamene palembedwa kuti wolembetsa dzina wavomera kumalandira malonda a mabokosi. A Winston anayang'ana loya, loya anayang'ana mabuku. A Victoria anaperekera umboni kuti iwo anapita kukakhuza maliro, osati kukalembetsa bokosi. Mlandu unakankhidwa kawiri, ulendo uliwonse a Esnat osadya kuyambira dzulo lake, mpaka mu Novembala khoti linati palibe bodza limene mayiyu ananena. A Esnat sanavine, sanaseke. Anangofunsa kawiri ngati aloledwa kutuluka.

Kumalaini sanachoke, a Everson akadali pazenera pawo. Koma maliro atatu anachitika pambuyo pake, ndipo kope linaperekedwa kwa mphunzitsi wina wolemba ngati nkhuku yapalasa. A Esnat anthu ankangowadutsa. Wofuna kalata ya tchuthi ankapita kwina. A Esnat nawonso cholembera chawo anachiika pamwamba pa khoma, pansi pa malata, osachikhudzanso. Pamaliro ankakhala kumbuyo ndi ife tonse, manja ali pamwendo ngati si awo. Ine ndinkaona kuti chimenechi chikuwadya kuposa chisamani chija, koma ndikanati chiyani, ine amene ndinabwerera m'mbuyo?

Mu Juni chaka chino, patatha chaka a Jacob atatisiya, ana awo anabwera kudzamanga chiliza. M'mawa wa Loweruka a Victoria anaodira kwa a Esnat, atanyamula msomali wautali. Anati mmisiri watsala pang'ono kumaliza kusalaza simenti, ndipo ikauma sipadzalembekanso kanthu. A Esnat anati kuli aphunzitsi, kuli ana anu ophunzira. A Victoria anati ana awo ananenanso zomwezo, iwo awakanira.

"Munawalemba kwa wamabokosi ine ndikukutchulirani," anatero a Victoria. "Tiyeni mukawalembe pabwino. Ndikakutchuliraninso ndine."

Tinapita tonse atatu. Kumanda kunali anthu ambiri, ena mwa iwo omwe aja osapereka moni. Ulendo uno ndinaima pafupi. A Esnat anagwada pa dothi lonyowa, msomali m'manja. A Victoria anawerama pakhutu pawo n'kutchula dzina pang'onopang'ono, kawiri. Dzanja linkanjenjemera moti chilembo choyamba chinapindika, mchira wake n'kulowera kumbali. Mmisiri anafuna kusalaza kuti ayambirenso, a Victoria anamugwira mkono. Zilembo zotsatira zinatuluka zozungulira, zaukhondo, za a Esnat enieni.

Mukadzadutsa kumanda a kuseri kwa mabulugama mudzachiona chilizacho. J wake ndi wopindika mpaka lero.